Azathioprine ndi mapiritsi a gout: osawaphatikiza

Zikomo amfumu, zikomo nonse. Za mayi a kutsidya aja mwazimva. Amadwala lupus ndipo amamwa azathioprine. Mawondo atayamba kuwawa, bambo akunyumba anawagawira mapiritsi awo a gout (nthenda yotupitsa ndi kupweteketsa mfundo) otchedwa allopurinol, poganiza kuti kuwawa kwa mfundo n'kumodzi. Patapita milungu ingapo, zilonda m'kamwa, thupi moto, nkhama kutuluka magazi. Kuchipatala anapeza maselo oyera a m'magazi atatsala pang'ono kutheratu.

Mvetsetsani chomwe chinachitika. Azathioprine amafooketsa chitetezo cha m'thupi mwadala. Kwa wodwala lupus, asilikali a m'thupi amasokonezeka n'kumamenya impso, khungu ndi mfundo za mwini wake. Kwa amene anaikidwa impso ya munthu wina, monga abale athu opita ku India aja, asilikaliwo amafuna kuikana impsoyo. Mankhwalawa ndi owaziziritsa. Tsono thupi limachotsa mankhwalawa mothandizidwa ndi enzyme (kanthu ka m'thupi kophwanya mankhwala) yotchedwa xanthine oxidase, ndipo allopurinol amaitseka enzyme yomweyo. Zikatero azathioprine amaunjikana m'thupi n'kuwononga mafuta a m'mafupa, komwe magazi amapangidwa. Ngati awiriwa akufunikadi limodzi, adokotala amatsitsa azathioprine kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi, uku akuyeza magazi pafupipafupi.

Ndiye inu azibambo, mankhwala si mchere woti n'kugawana pampanda. Womwa azathioprine asalandire piritsi lina lililonse osafunsa kuchipatala. Ngakhale Bactrim wa pagolosale amene timangomeza tikatsegula m'mimba, naye amatsitsa magazi akakumana ndi mankhwalawa. Osagawana, ndabwereza.

(Mayi wina: "Nanga kufooketsa chitetezo si kudziitanira edzi kodi?")

Mwafunsa bwino mayi, ambiri amaganiza choncho, ena mpaka kusiya kumwa chifukwa cha manyazi. Ayi, si edzi. HIV ndi kachilombo, kamaswana ndipo kamapatsirana. Azathioprine alibe kachilombo, simungapatsire mwamuna wanu kapena mwana. Mlingo wake amachita kuwerengera ndi kulemera kwa thupi. Pa matenda ngati lupus ndi pakati pa 1 ndi 3 mg pa kilogalamu patsiku, ndiye munthu wa makilogalamu 60 angapatsidwe mapiritsi awiri a 50 mg. Chitetezo chikatsika mopyola, adokotala amachepetsa kapena kuimitsa, magazi n'kubwereranso. Kufanana kwake ndi edzi n'kumodzi kokha: matenda amalowa mosavuta. Chifuwa chachikulu, mashingozi, katsabola wa ana amene kwa ena ndi wamba, kwa iwowa amatha kupha. N'chifukwa chake kutentha thupi kwa munthu ameneyu sitidikira kuti kuche. Osamwa Panado n'kufunda bulangeti. Kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo pofika nenani kuti mumamwa azathioprine. Komanso mabotolo ogulitsidwa m'mabasi akuti "okweza chitetezo" aja asiyeni, palibe akudziwa zomwe zili m'katimo. Woikidwa impso akasiya mankhwala chifukwa wapeza bwino, kapena wauzidwa kuti wachira, impso ija imakanidwa, n'kubwerera ku makina osefa magazi a dialysis ku Kamuzu Central kapena ku Queens.

Ndikuona kumbuyoko ana ayamba kulira, ndithamange. Kuyezetsa magazi sabata iliyonse mwezi woyamba, kenako miyezi itatu isadutse osayezetsa. Imwani mutadya kuti asakuchititseni nseru. Mukaiwala, osawirikiza mlingo pofuna kubweza. Maso akachita chikasu kapena mkodzo ukada, ndi chiwindi chimenecho, kuchipatala. Gonani m'neti, madzi akumwa owiritsa kapena othira klorini. Padzuwa chipewa ndi malaya aatali manja, chifukwa khansa ya pakhungu imabwera mosavuta. Katemera wa yellow fever wa apaulendo uja osabayitsa musanafunse. Amayi mukaima, osasiya nokha, kauzeni adokotala. Ndipo buku lanu lakuchipatala muziyenda nalo, kuti aliyense wokulemberani mankhwala aone kaye zomwe mukumwa kale.