Kuoloka ndi Mlendo pa Muloza: Mapepala Ofunika

Zikomo a gulupu, mafumu, amayi ndi abambo, makamaka inu achimwene amene mumaperekeza alendo ndi kuwanyamulira katundu m'phiri lino la Mulanje.

Alendo ena akatsika ku Sapitwa, pansonga ya mamita 3,002 paja, mtima sukhazikika. Amayamba kufunsa za Namuli, phiri la mamita 2,419 la ku Gurué m'dziko la Mozambique, kumene ife Alhomwe timati ndi kochokera makolo athu. Ulendo wake ndi wabwino ndipo muli ndalama, koma umafuna mapepala.

Lisiti imene mlendo amalandira kwa a zankhalango pa Likhubula ndi yolowera m'phiri muno ndi kugona m'nyumba za alendo za ku Chambe, Lichenya, Thuchila kapena Sombani, basi. Siyoolokera malire. Chilolezo chotuluka m'dziko chimaperekedwa ndi a Imigileshoni pachipata cha Muloza, ndipo zidindo zake ndi ziwiri: chotulukira kuno, ndi cholowera ku Milange tsidya linalo. Pobwerera, ziwiri zinanso.

Ndikudziwa kuti enanu mukuti, ife timaoloka mtsinje wa Muloza tsiku ndi tsiku, kumaliro, kumsika, kukagula chimanga, ndipo palibe amatifunsa. Zoona. Koma mlendo wa chikwama chachikulu kumsana amaonekera patali. Mukamudutsitsa njira yachidule, apolisi a pamsewu wa ku Mozambique akatsegula pasipoti n'kupeza mulibe chidindo cholowera, kwa iwo munthuyo walowa mozemba. Akhoza kumusunga m'chitokosi, kumulipiritsa chindapusa, ngakhale kumubweza. Inunso simupulumuka, chifukwa funso loyamba ndi lakuti wamubweretsa ndani. Ngakhale atadutsa osagwidwa, vuto limamudikira pobwera: akufuna chidindo chotulukira m'dziko limene m'mabuku mwawo sanalowemo.

Choncho musanamange katundu, khalani pansi ndi mlendoyo, pasipoti ili m'manja. Onani tsiku lothera ntchito. Pakhale patatsala miyezi 6 kapena kuposa. Onani ngati muli masamba opanda kanthu oti adindepo. Kenako onani viza yake ya Malawi, ndipo apa m'pamene ambiri amapunthwa. Ngati ili yolowera kamodzi kokha, imafa akangodinditsa chotulukira pa Muloza, ngakhale masiku ake asanathe. Pobwerera adzafunika ina. Za viza ya ku Mozambique, malamulo amasiyana malinga ndi dziko limene mlendoyo akuchokera, ndipo amasinthasintha, choncho afunse ku ofesi ya kazembe wa dzikolo kapena aone pa intaneti ulendo ukadali kutali, osati atafika kale pawindo. Ngati wadzera m'dziko limene muli matenda a yellow fever, khadi lachikasu la katemera likhale pafupi.

Inu eni ake, M'malawi wa pasipoti safunika viza pokacheza ku Mozambique masiku osapitirira 30. Koma border pass, kapepala koolokera malire popanda pasipoti kaja, musaidalire pa ulendo wa ku Gurué. Imeneyo ndi yochezera kufupi ndi malire, kwa masiku ochepa. Dziwaninso kuti kucheza ndi kugwira ntchito n'zosiyana pamaso pa lamulo. Chanzeru n'kugwirizana ndi woperekeza wa komweko, amenenso adzakutsogolerani kwa mafumu, pakuti Namuli sakwera osayamba wapempha eni nthaka.

Mapepala onse jambulitsani fotokope, muwaike m'jumbo ya pulasitiki osiyana ndi enieniwo. Chiperoni chikagwa, chikwama chimanyowa mpaka mkati, ndipo chidindo chofufutika chimabweretsa mkangano. Pachipata fikani kum'mawa, musatsike phiri madzulo n'kuthamangira kumeneko. Akakudindirani musachoke pawindo msanga: werengani tsiku limene alemba ndi masiku amene akupatsani, chifukwa kupyola ngakhale tsiku limodzi kuli ndi chindapusa chake. Ndalama iliyonse imene mwalipira, pemphani lisiti ya boma.

Amene ali ndi funso la pasipoti yotha ntchito, akweze dzanja tiyambire pamenepo.