Galimoto yamagetsi: musanatumize ndalama ku Japan, onerani kaye izi

Muli bwanji nonse! Mizere ya mafuta yatikwana, ndipo ambiri mwakhala mukundifunsa kuti, "Bwanji tingogula galimoto yamagetsi?" Lero tikambirana zovuta zake. Musachoke, chifukwa pa mfundo yachitatu pali bodza limene limandipsetsa mtima.

Choyamba, kutchaja. Galimoto yamagetsi ya Nissan Leaf yakale, ya batire la 24 kWh (mayunitsi 24 a magetsi), imafuna maola 10 kapena kuposerapo kuti idzaze pa soketi wamba ya m'nyumba. Magetsi akazima usiku, m'mawa ndi ulendo wa minibasi.

Chachiwiri, mtunda. Leaf imeneyi ili yatsopano inkayenda makilomita pafupifupi 120 ikatchajidwa kamodzi. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 300. Ndiye iyi ndi galimoto ya m'tauni: kuntchito, kukatula ana kusukulu, kumsika.

Ngati simunadine batani la Subscribe, dinani pano, ndi kabelu komwe.

Chachitatu, bodza lija. Akuti, "Batire lake limafa pakatha zaka ziwiri ngati la foni." Abale anga, ayi! Ndatopa nako kumva zimenezi. Foni mumaitchaja mpaka 100, n'kuigwiritsa ntchito mpaka kuzima, tsiku ndi tsiku, ikutentha m'thumba. Galimoto ili ndi kompyuta yoyang'anira batire. Kompyutayo silola kuti batire lidzaze mpaka pakamwa kapena kutheratu, ngakhale dashibodi ikuonetsa 100 kapena 0. Nanga mukuganiza kuti makampani ambiri angapereke waranti ya zaka 8 kapena makilomita 160,000 pa chinthu chofa m'zaka ziwiri? Batire limafooka pang'onopang'ono, mtunda n'kumachepa chaka ndi chaka.

Inu amene mwayamba kale kulemba kuti "koma ya mnzanga inatha," dikirani, ndikubwera komweko. Mdani weniweni ndi kutentha. Leaf inatuluka mu 2010 yopanda madzi oziziritsira batire, ndipo mu 2012 eni ake ku Arizona, dera lotentha kwambiri la ku America, anadandaula kuti mabatire awo akufooka msanga. Ndiye a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, izi zikukukhudzani. Imikani galimoto pamthunzi, ndipo musaisiye yodzaza masiku ambiri. Pogula, uzani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha dashibodi galimoto itayatsidwa. Kumanja kwenikweni kuli timizere ting'onoting'ono toonetsa thanzi la batire. Yatsopano imakhala nato 12. Werengani nokha ndi chala. Mukapeza 7 kapena 8, dziwani kuti mtunda uja wadulidwa kwambiri, ngakhale thupi lake likunyezimira.

Tumizirani vidiyoyi kwa achimwene anu aja amene amakonda kunena bodzali.

Chachinayi, pulagi. Leaf yochokera ku Japan imatchaja mwachangu ndi pulagi ya CHAdeMO, pomwe galimoto zambiri za ku Europe zimagwiritsa ntchito CCS. Sizilowana. Funsani kaye malo otchajira amene muli nawo pafupi.

Chachisanu, matayala amatha msanga chifukwa batire ndi lolemera. Komanso kabatire kakang'ono ka 12V kalimobe, kakafa galimoto siyaka.

Chomaliza, ndipo apa ndikupempha ndithu: mawaya a mtundu wa olenji a m'galimotoyi amanyamula mavoti oposa 300. Makaniko wanu, ngakhale ndi katswiri pa injini, ngati sanaphunzire za galimoto zamagetsi asawakhudze. Sabata yamawa tiwerengera limodzi mayunitsi a magetsi ndi malita a petulo, kuchokera ku Area 25 kukafika ku Old Town.