Bokosi la Carlos Ghosn: kodi mlandu umathera pati kwenikweni?

[Pa sikirini: bokosi lalikulu lakuda, lonyamulira zida za oimba]

Taonani bokosi ili. Usiku wa pa 29 Disembala 2019, bokosi longa lomweli linakwezedwa m'ndege yahayala pa bwalo la Kansai ku Osaka, m'dziko la Japan. Silinkakwana m'makina ounikira katundu, ndiye linangodutsa. Kunsi kwake anali ataboola timabowo ta mpweya, chifukwa m'katimo munali munthu, Carlos Ghosn, yemwe kale anali mkulu wa kampani ya Nissan. Ankayembekezera mlandu wobisa kuchuluka kwa malipiro ake komanso kugwiritsa ntchito molakwika ndalama za kampani. Atatulukira ku Beirut, likulu la Lebanon, anati iye sanathawe chilungamo, wathawa kuponderezedwa.

Omuikira kumbuyo amakonda kutchula nambala imodzi: ku Japan, pa milandu 100 iliyonse yofika m'khoti, yoposa 99 imathera pomupeza munthu wolakwa. Ukangomva, thupi limachita tsembwe. Koma musathamangire kunena kuti majaji akumeneko amangodinda chidindo. Oimira boma pa milandu ku Japan amataya milandu yambiri imene akuikayikira, n'kupita nayo kukhoti yokhayo imene akudziwa kuti sagwa nayo. Sefa ili mu ofesi yawo, jaji asanaone n'komwe fayilo.

Pondidetsa nkhawa ine ndi pena. Woganiziridwa angathe kusungidwa m'chitokosi mpaka masiku 23 asanamutsegulire mlandu, akufunsidwa mafunso loya wake kulibe. Masikuwo akatha, amatha kumumanganso pa mlandu wina, kuwerenga n'kuyambiranso. Ghosn anakhalamo masiku 108 asanapatsidwe belo koyamba. Munthu wamba, wopanda maloya odula, angapirire masiku angati asanangoti ndalakwa?

[Pa sikirini: mapu, kuchoka ku Tokyo kupita ku Washington]

Tsono amene amaloza Japan chala ali ku America nawonso adziyang'ane. Timaonera m'mafilimu anthu wamba 12 a jury atakhala pamzere, maloya awiri akusinthana mawu, jaji ali phee ngati refa. Zoterozo zimachitika mwa apo ndi apo. Mwa anthu 100 opezeka olakwa kumeneko, oposa 90 amavomera okha mlandu atagwirizana ndi woimira boma: vomera wocheperawu, chilango chipepuke; ukakana, tikumana m'khoti ndi mlandu waukulu. Mlandu wathera pa tebulo, mboni osaitanidwa.

Ku France njira ndi inanso. Pa milandu ikuluikulu pamakhala jaji wofufuza, amene lamulo limamuuza kuti afunefune umboni womanga ndi womasula womwe. Tsiku la mlandu likamafika, zambiri zili kale m'fayilo, ndipo jaji wotsogolera ndiye amamufunsa mafunso woimbidwa mlandu.

Ndiye mukamayerekeza maiko, osangoyang'ana chipinda cha khoti. Funsani kuti munthu amene ali ndi mphamvu yothetsa nkhani wakhala pati, ndipo akumuyang'anira ndani.

Kale izi zinali za ophunzira malamulo okha. Lero ndalama zimaoloka malire pa intaneti, munthu amadzuka ku Tokyo n'kukagona ku Istanbul, choncho maiko amakakamizika kuweruza makhoti a anzawo. Mu 1989, khoti la ufulu wa anthu la ku Europe, lomwe lili ku Strasbourg, linagamula kuti Britain isapereke Jens Soering ku America. Mnyamata wa ku Germany ameneyu ankafunidwa ku Virginia pa mlandu wopha makolo a chibwenzi chake, ndipo khotilo linati zaka zodikira kuphedwa m'ndende zikanakhala nkhanza kwa iye. Anamupereka America italonjeza kuti chilango cha imfa sichidzakhalapo.

Nanga Interpol? Ambiri amaiona ngati apolisi a dziko lonse. Ayi ndithu. Ndi bungwe lothandiza apolisi a maiko osiyanasiyana kugwirira ntchito limodzi. Likulu lake lili ku Lyon, ku France, koma siimanga munthu. Chikalata chake chotchedwa Red Notice n'chongopempha, ndipo dziko lililonse limachita nacho malinga ndi malamulo ake. Cha Ghosn chinafika ku Lebanon, koma iye ndi nzika yakumeneko, ndipo Lebanon sipereka nzika zake, komanso ilibe pangano lopatsana oimbidwa milandu ndi Japan. Mu 2022 France nayo inatulutsa chikalata chomumangira.

[Pa sikirini: bokosi lija]

Amene anakonza za bokosili analibe mwayi umenewo. Michael Taylor ndi mwana wake Peter ndi nzika za America, ndipo America ili ndi pangano ndi Japan. Mu 2021 anawakweza ndege ya ku Tokyo, anavomera mlandu, ndipo khoti linapatsa bamboyo zaka 2, mwanayo miyezi 20.