Mawu a M'mawa: Nyimbo Siiwalika Pakamwa

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. M'mawa uno tiwerenge Deuteronomo 31:19-22, ndipo amene muli ndi kampata musanathamangire minibasi muwonjezerepo Salimo 77.

Mose wafika zaka 120 ndipo akudziwa kuti Yordano sawoloka. Mulungu akumuitana pamodzi ndi Yoswa ku chihema, n'kumuuza nkhani yosakoma kumva: anthu awa ndikawalowetsa m'dziko loyenda mkaka ndi uchi, akadya n'kukhuta n'kunenepa, adzandifulatira. Malamulo analipo kale, ena pamiyala, ena m'buku. Koma bukulo linkakhala pambali pa likasa la chipangano, ndipo kuliwerenga pamaso pa mtundu wonse kunkachitika kamodzi pa zaka 7, pa chikondwerero cha misasa. Ndiye Mulungu akuti, lemba nyimbo, uwaphunzitse, uwaike pakamwa. Tsiku limene mavuto adzawagwere, nyimboyi idzakhala mboni, chifukwa siidzaiwalika m'kamwa mwa zidzukulu zawo. Mose anailemba tsiku lomwelo, ndipo ndi imene timaipeza m'mutu 32.

Mlengi amatidziwa bwino anthufe. Ulaliki wa Lamulungu lathali, ambiri tikafunsidwa lero tikanda m'mutu. Koma nyimbo imene tinaphunzira tili ana ku Sande sukulu, wina angoiyamba mzere umodzi, yonse imatuluka yokha. Amene munasamalirapo agogo okalamba kwambiri mukudziwa: dzina la mwana wawo weniweni latayika, koma mukawayambira nyimbo ya m'buku amailandira mpaka ndime yomaliza, osaphonya liwu. Buku limatsala m'nyumba. Nyimbo imapita kumunda, kumtondo, kuchigayo, kumaliro.

Ndimezi zandigwira chifukwa cha katoni ina imene tinaitulutsa kunsi kwa bedi kunyumba kwa makolo posachedwapa, tikusuntha katundu kuti amisiri akonze denga. Pansi pake chiswe chinali chitayamba kale ntchito. M'katimo munali makaseti, ena ogula, okhala ndi kachizindikiro ka COSOMA, bungwe loteteza ntchito za oimba ndi aluso ena, ena mwa iwo bambo anachita kukawagula okha kwa O.G. Issa ku Limbe. Koma ambiri anali ojambula tokha, a C60 ndi C90, mayina a nyimbo titalemba ndi bolopeni pakapepala kam'kati. Achinyamata a memori khadi simudziwa ntchito imene inalipo. Unkakhala pafupi ndi wailesi, zala ziwiri zili pamabatani, kudikira kuti MBC iike nyimbo yako, ndipo pamene yafika pokoma, muulutsi n'kulowererapo ndi moni wa kwa anthu a ku Nsanje. Pobweza kaseti sitinkawononga mabatire, tinkailowetsa bolopeni pabowo n'kumaizunguza m'mwamba. Mabatire akafooka, padzuwa. Tepi ikatafunidwa, kuikoka pang'onopang'ono, kuiwongola ndi chala, kuilumikiza ndi kaselotepi kodula mwaluso.

Wailesi yoimba makaseti tinachita kukabwereka kwa mkulu wina wokonza mawailesi pamsika. Makaseti ambiri anali atatha, mawu akungomveka ngati munthu akuimbira m'madzi. Koma imodzi, yolembedwa kuti "Kwaya 1996", inaimba bwinobwino.

Sinali ya ku situdiyo. Wina anangoika wailesi pabenchi kutsogolo kwa tchalitchi n'kudina batani. Mukumveka benchi ikulira, mwana akukhosomola, tambala kunja. Kenaka ng'oma, kenaka mawu. Mayi anga, amene anakhala phee pamkeka, anayamba kutchula mayina mmodzimmodzi. Besi uyo ndi uje, anatisiya. Woyambitsa nyimboyo ndi mwana wa achimwene awo a uje, anatisiya asanakwatiwe n'komwe. Alito uyo anapita ku Joni, sanamvekenso. Amene munalipo zaka za m'ma 1990 mukukumbukira mmene matenda aja anapululira achinyamata, moti kwaya inkaimba kumanda kawirikawiri kuposa paukwati. Theka la mawu a m'kasetimo ndi la anthu amene tinawaperekeza. Koma akuimba mwamphamvu, mosekerera, za Mulungu amene sasiya anthu ake. Mayi anatsatira nawo nyimbo yonse, misozi ili mbwembwembwe, koma osaphonya ndime.

Apa ndiye pamafunika kusamala, chifukwa chikumbumtima cha nyimbo zakale chili ndi kabodza kake. Ukamva nyimbo ya unyamata wako, mtima umathamangira kunena kuti kale zinthu zinali bwino, anthu ankakondana, nyimbo zinali ndi tanthauzo, osati zamasiku anozi. Ana a Israele anachitapo zomwezo m'chipululu. Pa Numeri 11:5 akukumbukira nsomba za ku Igupto, nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo, n'kumanena kuti ankadya zaulere. Zaulere! Njerwa zija aziiwala, chikwapu cha akapitawo achiiwala, ana aamuna oponyedwa mumtsinje awaiwala. Ifenso kaseti ikamazungulira timaiwala kuti zaka zomwezo kunali chilala cha 1992, kunali kugona ndi njala mu 2002, kunali kupita kusukulu chapansi. N'chifukwa chake Mlaliki 7:10 amatiletsa kufunsa kuti bwanji masiku akale anali abwino kuposa ano, akuti funso limenelo silichokera mu nzeru. Ine ndimaona kuti ambiri amene amanyoza nyimbo za ana athu si kuti anazimvetsera n'kuzipeza zoperewera. Akulira unyamata wawo, basi.

Nyimbo ya Mose ija siyonyengerera. Imati kumbukirani masiku akale, funsani atate anu akuuzeni, akuluakulu anu akufotokozereni. Koma zimene akufotokoza si kukoma kwa kale ayi. Akuti Mulungu anakupezani m'chipululu, m'dziko louma, anakusungani ngati mwanadiso, anakunyamulani monga mphungu inyamulira ana ake pamapiko. Ndipo pomwepo ikupitiriza kuti munanenepa n'kuyamba kuponya mateche. Mboni imanena zonse, zokukomera ndi zokuwawa.

Makaseti athu nawonso amatero tikawalola. Muli nyimbo imene munkaimba usiku wonse kuchipatala, mwana atatentha thupi, mukulonjeza kuti Ambuye mukangondichiritsira uyu ndidzakutumikirani moyo wanga wonse. Mwanayo lero ali ndi ana ake. Lonjezo lija lili kuti? Muli nyimbo ya paukwati wanu, tsiku limene munavina pamaso pa ankhoswe, ndipo lero m'nyumbamo mumalankhulana kudzera mwa ana. Muli ina ya nthawi imene munalibe ntchito, nsapato imodzi yomweyo, koma pa mapemphero a m'mamawa munkayamba ndinu kufika. Tsopano galimoto ilipo, koma Lamulungu mwatopa. Palibe mlaliki amene angakuuzeni zimenezi osakukwiyitsani. Nyimbo imakuuzani, ndipo simungaitsutse, popeza mawu amene akukutsutsaniwo ndi anu omwe.

Komanso muli nyimbo za nthawi imene ena sitifuna kuikumbukira, za m'malo omwera mowa, za chibwenzi chimene chinasiya mabala. Zimenezo zikamveka mwadzidzidzi m'minibasi, mtima umagunda ndi manyazi. Musathawe msanga. Imeneyonso ndi mboni, ikunena kumene anakutolani. Munthu amene waiwala dzenje limene anatulutsidwamo ndi amene amayamba kuloza anzake zala.

Tsopano taonani Asafu. Ameneyu anali woimba weniweni, Mlevi amene Davide anamuika kutsogolera nyimbo pamaso pa likasa, woimba zinganga monga tiwerenga pa 1 Mbiri 16. Mu Salimo 77 tulo tamuthawa. Akuti akakumbukira Mulungu akungobuula. Pa ndime 6 akukumbukira nyimbo yake ya usiku, imene ankaimba kale zinthu zili bwino, ndipo musaganize kuti yamutonthoza pomwepo. Yamuwonjezera ululu. Mafunso akubwera motsatizana: kodi Ambuye atitaya mpaka kalekale? Kodi chifundo chawo chatheratu? Kodi aiwala kukoma mtima? Ndimakonda kuti Baibulo silinafufute mafunso amenewa. Amene mwadzuka ndi mtima wolemera m'mawa uno, amene nyimbo ina yakukumbutsani mwamuna wanu, mkazi wanu, mwana wanu amene kulibe, simunachimwe polira. Woimba wa m'nyumba ya Mulungu analira choncho.

Chimene Asafu anachita n'chakuti sanaime pa nyimbo yake. Pa ndime 11 akusintha chokumbukira. Poyamba ankakumbukira za iye mwini, mmene ankaimbira, mmene ankasangalalira. Tsopano akuti ndidzakumbukira ntchito za Yehova, zodabwitsa zake zakale. Akubwerera mpaka ku Nyanja Yofiira, kumene iyeyo kunalibe, asanabadwe n'komwe. Akuti madzi anakuonani n'kuchita mantha, njira yanu inadutsa m'nyanja, koma mapazi anu sanaoneke. Salimoli silinena kuti vuto lake linatha. Likungothera pakuti Mulungu anatsogolera anthu ake ngati nkhosa, ndi dzanja la Mose ndi Aroni.

Mapazi osaoneka amenewo ndi amene munthu amawazindikira patapita zaka. Mu 1996 oimba aja sankadziwa zimene zinali kubwera, ifenso sitinkadziwa kuti tidzadutsa bwanji. Fizi inapezeka mosadziwika bwino, ana amasiye anakula, ena lero ndi aphunzitsi, anamwino, akulu a mpingo. Pa nthawiyo sitinaone phazi la wina aliyense. Tinkangoona madzi mbali zonse.

Ngati muli ndi makaseti kapena ma CD amene angokhala m'sutikesi, atulutseni chiswe ndi chinyontho zisanamalize. Alipo anyamata m'matauni amene amatha kusamutsira nyimbo za pakaseti pa kompyuta n'kukuikirani pa fulashi kapena pafoni, makamaka zojambula nokha zimene simungazipezenso pa YouTube. Ndipo musamvetsere nokha chitseko chotseka. Itanani ana ndi zidzukulu. Adzaseka mamvekedwe ake, asiyeni aseke. Kenaka adzafunsa kuti akuimbayo ndani, ndipo mudzawauza dzina lake, mudzi wake, chaka chimene chinali, ndi chimene Mulungu anachitira banja lanu chaka chimenecho. Mose anauzidwa kuti nyimbo aiike pakamwa pa ana, osati m'bokosi.

Tipemphere. Atate, tikukuthokozani chifukwa cha amene anatiphunzitsa kuimba, ena ali moyo, ena ali kwa Inu. Tonthozani amene nyimbo zawadzutsira chisoni lero. Amene tinakulonjezani kanthu tili pamavuto, tikumbutseni, ndipo mutipatse mphamvu yokwaniritsa. Yendani ndi amene akupita kuntchito, kumsika, kumunda ndi kusukulu, ndi abale athu amene ali kutali ndi kwawo. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.