Makalata a omvera: masiku akatha pa pasipoti m'dziko la eni

Moni nonse omvera, kaya muli ku Zolozolo, ku Katoto, ku Ekwendeni kapena muli ku Joni komweko mukutitsata pa foni. Sabata yatha tinakamba za anthu omwe masiku awathera pa pasipoti m'dziko la eni, nde makalata abwera ambiri zedi, ena pa WhatsApp ena olemba pamanja kudzasiya pa geti pano, onse sindingawerenge. Ndasankhapo anayi. Maina sinditchula chifukwa ena mwa anthuwa ali m'mavuto pakali pano. Imodzi inabwera m'Chitumbuka, ndaiika m'Chichewa kuti tonse timvane.

Yoyamba yachokera kwa mayi a ku Chiputula.

"Achimwene a pa wailesi, ine ndine mayi wa ana anayi, ndimagulitsa tomato ndi usipa mumsika. Mwana wanga woyamba anapita ku Joni chaka chatha, Fomu 4 anamaliza koma ntchito osaiona, ndinagulitsa njinga ya malemu bambo ake ndi malata omwe tinkasunga kuti tipeze ya pasipoti ndi ya basi. Anapeza ganyu yosamala maluwa pakhomo pa munthu, mwezi uliwonse amatumiza kangachepe, mlongo wake ali ku sekondale chifukwa cha iyeyo. Masabata atatu apitawa mnzake anandiimbira kuti amugwira m'mawa akupita kuntchito, ati masiku ake anatha kalekale. Foni yake sikupezeka. Sindikudziwa komwe ali, kaya akudya kaya ali ndi chofunda, akuti anachoka ndi tisheti yokha basi. Tulo sindikuliona. Mwana wanga sanabe, sanamenye munthu, nanga amutsekera bwanji ngati chigawenga? Pali bambo wina wandiimbira kuti nditumize ndalama amutulutsa. Kodi nditumize?"

Amayi pepani, pepani kwambiri. Ndiyambe ndi funso lanu lomalizalo chifukwa ndi lachangu: musatumize. Munthu woti simukumudziwa, sanakumvetseni ngakhale mawu a mwana wanu pa foni, angokudyerani ndalama ya tomato ija ndipo mawa adzati yachepa onjezerani. Anthu oterewa amadikira nthawi yomwe mayi ali ndi mantha.

Tsopano mvetserani mmene zimayendera. Mmalawi akamalowa ku South Africa safuna viza, pa boda amamudindira masiku 30 ngati mlendo wodzacheza, ndipo chidindo chimenecho sichimulola kugwira ntchito. Masikuwo akatha iye akadali konko opanda pemiti, kwa iwo waswa lamulo lawo la Immigration Act la 2002. Akamugwira amayamba wakhala ku polisi, ena amatengeredwa kukhoti nkupatsidwa chindapusa kapena kandende, kenako ambiri amakathera ku Lindela, ku Krugersdorp kumadzulo kwa Johannesburg, komwe amasungirako anthu odikira kubwezedwa kwawo. Koma lamulo lomwelo lili ndi malire ake amayi, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mugwirepo. Limati munthu asungidwe masiku 30, khoti likavomera lingaonjezere ena osapitirira 90, onse pamodzi 120 basi. Komanso mu 2017 khoti lawo lalikulu la Constitutional Court linagamula kuti munthu wogwidwa pa nkhani ya mapepala azikaonekera pamaso pa woweruza pasanathe maola 48, osati kungomutsekera chifukwa wa imigireshoni wanena. Nde mwana wanu ali ndi ufulu ngakhale masiku anamuthera. Mnzake uja, ngati iyeyo mapepala ake ali bwino, akafunse ku polisi ya dera lomwe anamugwirira, ndipo dzina likaperekedwe ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ija ya ku Johannesburg, chifukwa ndi iwo amatsimikiza kuti uyu ndi Mmalawi nkumupatsa chikalata choyendera. Kulinso maloya a Lawyers for Human Rights omwe amathandiza anthu otere.

Mwati sanabe, ndikugwirizana nanu. Ndipo ine zimandipweteka anthu akamalankhula ngati anyamatawa anayamba okha ulendo wa ku Joni. Agogo athu a ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay ankapita kumigodi ndi Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kumigodi ya ku Joni, ena pandege, mpaka ngozi ija ya ndege ya ku Francistown ku Botswana mu 1974 yomwe inapha a Malawi ambiri Kamuzu nkuimitsa kaye zolemba anthu, kenako inabwera TEBA, yomwe inapitiriza ntchito ya Wenela, mpaka cha mu 1988. Nthawi imeneyo ankachita kubwera kudzatitenga, mapepala okonza okha. Njira ya mapepala inatsekeka koma njala sinathe, ndipo nyumba zamalata zambiri zomwe mumaziona mukamapita ku Mzimba ndi za ma rand omwewo.

Kalata yachiwiri, bambo a ku Luwinga, ndipo abwera ndi moto.

"Akulu, pulogalamu yanu ndimaikonda koma sabata yatha munandikhumudwitsa. Mumangomvera chisoni anthu ophwanya malamulo. Munthu akuuza masiku 30, iwe wakhala zaka zitatu, ukufuna akuombere m'manja? Dziko lililonse lili ndi mpanda wake. Ine ndinapitako kawiri kukagula katundu ndipo ndinabwerako masiku asanathe, sindine wopusa ayi. Kunonso taonani a ku Ethiopia akungodutsa usiku m'magalimoto kuchokera ku Karonga, sitikudziwa kuti ndi ndani anyamula chani. Agwidwe, atsekeredwe, akhale momwemo mpaka anzawo amve kuti Malawi si njira. Mukawachitira chifundo mawa abwera ochuluka."

Bambo zikomo, ndipo musaope kulemba chonchi, pulogalamu ino ndi yanunso. Ndisanakuyankheni ndiwerenge kaye yachitatu chifukwa ikukhudza zomwezo. Iyi ndi ya mayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo wa CCAP, a ku Chibavi, ija ndati inali m'Chitumbuka.

"Ife timapita kukaona akaidi kundende ina kuno kumpoto, timatenga sopo, mchere ndi shuga pang'ono. Ulendo wina tinapeza anyamata a ku Ethiopia atakhala paokha pakona, owonda, ena ang'onoang'ono ngati mwana wanga wa Fomu 2. Chichewa samva, Chitumbuka samva, Chingelezi ndi mmodzi yekha amayesako. Ameneyo anatiuza kuti chilango chawo anamaliza kalekale koma akudikira ndalama ya ndege. Nsima sanaizolowere, m'manja ndi m'khosi muli mphere zokhazokha. Mmodzi nditamupatsa sopo anaigwira ndi manja awiri, kenako anatulutsa kamtanda kachingwe m'khosi kundionetsa, nkuloza kapepala kakuda ndi thukuta komwe analembapo nambala ya foni ya mayi ake. Ndinalira njira yonse yobwerera. Kodi munthu akamaliza chilango amakhaliranji m'ndende?"

Bambo a ku Luwinga, pomwe ndikugwirizana nanu ndi apa: dziko lili ndi ufulu wodziwa yemwe walowa komanso womuuza munthu kuti bwerera kwanu. South Africa ili nawo ufuluwo, ifenso tili nawo. Sindinanenepo kuti boda ya Songwe ingokhala yotsegula, ndipo sindikuuza mnyamata aliyense kuti kukhalitsa masiku atatha ndi zabwino. Ndikuvomeranso kuti a ku Ethiopia ambiri nkhani yawo ndi yosiyana pang'ono, iwo sikuti masiku anawathera, amalowera njira zachidule opanda chidindo nkomwe.

Koma mawu anu akuti akhale momwemo mpaka anzawo amve, amenewo ndawakana ndipo ndiwakanabe. Kubweza munthu kwawo ndi chinthu china, kumusunga m'ndende popanda tsiku lotuluka ndi chinanso. Wakuba mbuzi amadziwa kuti ndatsala ndi miyezi inayi, amawerenga pakhoma. Mnyamata wa kamtanda uja alibe choti awerenge, khoti linamaliza naye, akungodikira kuti boma lipeze ya tikiti kapena a IOM, bungwe lija la United Nations loona za anthu osamuka, abwere adzathandize monga anachitirapo m'mbuyomu. Ndende zathu mukuzidziwa mmene zadzadzira, anthu kugona chokhala, chakudya kamodzi patsiku, nde tikuonjezeramo anthu oti mlandu wawo unatha, kudya ndalama ya misonkho yanu yomweyo bambo, ndiponso kupanikiza akaidi athu omwe.

Zoti akavutika anzawo aleka kubwera, tinaona tokha kuti si zoona. Mu Okutobala 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, pafupi pompano, anafukula matupi 25 m'dzenje limodzi, ena nkupezekanso chapafupi, ndipo apolisi anati akuwaganizira kuti ndi a ku Ethiopia. Nkhani imeneyo inamveka dziko lonse lapansi. Kodi analeka kudutsa? Ngati dzenje la ku Mtangatanga silinawabweze, ndende ndiye iwabweza? Munthu amene wagulitsa munda wa makolo ake kuti alipire omudutsitsa sabwerera chifukwa wamva kuti ku Malawi kuli mphere. Ndipo omwe amadya ndalama zenizeni pa ulendowu, eni magalimoto aja mukunena oyenda usiku, omwe amadziwa kuti pa rodibuloko iti adutsa bwanji, ambiri ndi anzathu omwe timakhala nawo m'makwalalamu ndipo amagona kunyumba kwawo pa matiresi. Mkwiyo wanu bambo ndikanakonda ukanalunjika kumeneko.

Chinanso chomwe chandigwira mtima powerenga makalata awiriwa pamodzi, anyamata aja a ku Ethiopia sikuti akufuna kukhala ku Mzuzu ayi, akupita ku Joni. Komwe kuja kuli mwana wa mayi a ku Chiputula. Msewu ndi umodzi, M1 yomweyi, kungoti iwo ayambira kutali. Nde ine sindingaime pano kupempha kuti mwana wathu aonekere kukhoti pasanathe maola 48, apatsidwe bulangete, abwezedwe msanga, kenako nkutembenuka kunena kuti wa eni aolere m'ndende mwathu. Malamulo athu aakulu a dziko nawonso amanena za maola 48 omwewo, ndipo sanena kuti Mmalawi yekha. Lamulo lathu la imigireshoni ndi la 1964, lakalamba, aphungu athu akuyenera kulikonza kuti likhale ndi malire omveka a masiku osungira munthu komanso malo ena osakhala ndende. Muja mu 2023 boma linkasonkhanitsa othawa kwawo m'matauni kuwabwezera ku Dzaleka, ena mpaka amayi ndi ana anayamba adutsira kundende ya Maula, chifukwa chomwechi choti tilibe poika munthu yemwe si mkaidi.

Amayi a ku Chibavi, Mulungu akudalitseni ndi anzanuwo. Mukadzapitanso mupemphe chilolezo kwa oyang'anira mukopere nambala ija, muitumize kuno, tidzayesa kuimba. Kwinakwake kuli mayi amene sakudziwa ngati mwana wake ali moyo.

Yomaliza ndi yaifupi, mnyamata wa ku Mchengautuwa.

"Bwana ine anandibweza mwezi wa Juni, ndinakhalitsa chaka ndi miyezi iwiri. Katundu wanga yense anatsala konko, firiji, TV, ndi malipiro a mwezi umodzi. Kuno anthu akundiseka kuti ndabwera ndi jumbo yokha. Anzanga akuti ndipangitse pasipoti ina dzina lina ndibwerere. Mukuti bwanji?"

Achimwene, okusekaniwo asiyeni, mwabwera wamoyo ndipo ena amabwera m'bokosi abale atasonkha ndalama miyezi. Koma za dzina linazo ayi. Kuyambira 2014 malamulo awo amati ukapitiriza masiku osaposa 30 amakuletsa kulowa chaka chimodzi, ukabwereza pasanathe zaka ziwiri chiletso ndi zaka ziwiri, ukapitiriza kuposa masiku 30 ndi zaka zisanu, ndipo kwa munthu wochita kubwezedwa ndi boma zimavutirapo kuposa apa. Zala anakudindani, dzina mungasinthe koma zala ndi zomwezo, ndipo kunama popangitsa pasipoti ndi mlandu kuno komwe, mudzapezeka mwachoka pa nkhani ya masiku mwalowa ya chinyengo. Chimodzimodzi zija zopatsira munthu pasipoti kuti akakudindireni pa boda ya Beitbridge inu muli phee ku Joni, zidindo zina zimakhala zabodza ndipo wogwidwa nazo ndinu, osati iye. Njira yoongoka ndi kulembera a Home Affairs, unduna wawo woona za imigireshoni, kupempha kuti akuchotsereni chiletso, imachedwa koma ilipo. Za malipiro anu, muuzeni mnzanu wodalirika yemwe ali ndi mapepala akalankhule ndi abwana anuwo, thukuta lanu silinathe ntchito chifukwa choti pasipoti inatha masiku.

Nthawi yatithera. Mayi a ku Chiputula, ngati mukumva, Lolemba m'mawa musanapite kumsika mudutse kuno ku wailesi, mutenge fotokope ya pasipoti ya mwanayo ngati ilipo, tsiku lake lobadwa ndi nambala ya mnzake uja. Mukafika pa geti mungonena kuti mwabwera za kalata ya ku Joni, ndidzakhala ndilipo, tidzalembe limodzi kalata yopita kwa kazembe.