Kupita ndi Ana ku Museo Inka ku Cusco

[Pa kanema: bwalo la Plaza de Armas]

Moni nonse! Lero tili ku Cusco, m'dziko la Peru, likulu lakale la ufumu wa a Inca. Chapafupi ndi bwalo lalikululi pali Museo Inka, nyumba yosungiramo zinthu zakale yomwe imayang'aniridwa ndi yunivesite ya San Antonio Abad.

Musathamangireko tsiku lomwe mwafika. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 3,400, kuposa Sapitwa wa pa Mulanje. Mpweya ndi wochepa, moti mwana amangopuma wefuwefu, mutu kumupweteka. Ayambe wapuma, amwe madzi ambiri, mupite mawa lake.

Mukalowa, musawazunze ana ndi kabati iliyonse. Zinthu ziwiri zokha n'zokwanira.

[Pa kanema: zikho zamatabwa]

Izi ndi qero, zikho zomwera chicha, mowa wa chimanga. Ankazisema ziwiriziwiri. Mufunseni mwana kuti n'chifukwa chiyani, musamuuze msanga. Yankho lake nali: wamkulu ankatenga chimodzi, chinacho n'kupatsa mlendo, amwere limodzi posonyeza kuti agwirizana.

[Pa kanema: khomo la chipinda cha mitembo]

Apa ndiye pofunika kuwakonzekeretsa ana musanalowe. M'katimu muli mitembo youmitsidwa, yokhala tsonga, mawondo atafika pachifuwa. Mwana wamng'ono akhoza kulira, ndipo akakana kulowa musamukakamize. Koma wokulirapo muuzeni zoona zake. Kwa a Inca, mfumu ikamwalira inkakhalabe ndi nyumba, minda ndi antchito ake. Pa zikondwerero ankainyamula kupita nayo pabwalo lija, n'kumaipatsa chakudya ndi chicha ngati wamoyo. Tsono muyembekezere funso lakuti, "Amayi, amenewa ndi mafumu aja?" Ayi. Asipanya atalanda Cusco mu 1533, eni ake anabisa mitembo ya mafumu, koma cha mu 1559 ingapo inapezeka n'kutumizidwa ku Lima. Ine ndimaona kuti mbiri imeneyi ana amaigwira msanga kuposa mayina a mafumu oloweza pamtima.

[Pa kanema: msewu wa Hatun Rumiyoc]

Ana akatopa, tulukani muyende pang'ono kufika mumsewu uwu. Pakhoma pali mwala wa ngodya 12, wolumikizidwa ndi anzake popanda matope kapena simenti. Mwana awerenge yekha ngodyazo, koma ndi maso okha, chifukwa kuugwira salola.