GRE: Mizere Ikaoneka Ngati Njanji, Musaikhulupirire Msanga

(Bolodi loyera. Pajambulidwa mizere iwiri yogona, wachitatu wawadula mopendekeka.)

Imani kaye, chala chimenecho chisapite pa vidiyo ina. Funso lili pa bolodili limagwetsa ngakhale anthu amene masamu a MSCE ankawamwa ngati thobwa. Muli bwanji nonse? Ndikulankhula kuchokera kuno ku Blantyre, ndipo magetsi akathima pakati pa vidiyoyi mundikhululukire. Amene mukukonzekera mayeso a GRE kuti mukachite masters kunja, khalani pompo. A GMAT, mayeso olowera sukulu za bizinesi aja, inu geometry anakuchotserani mu Focus Edition imene inayamba mu 2023, ndiye kaphikeni tiyi.

Zoyambira ndithamanga nazo, munaziphunzira kale ku sekondale.

Choyamba: ngodya zonse za pa mzere wowongoka zikaphatikizidwa ndi madigiri 180. Kuzungulira kadontho ndi 360.

Chachiwiri: mizere iwiri ikapingasana ngati X, ngodya zoyang'anizana n'zofanana. Basi.

Chachitatu, apa ndichedwapo pang'ono. Mizere iwiri ya parallel, yosakumana ngakhale italike bwanji, ikadulidwa ndi wachitatu, pamatuluka ngodya 8. Aphunzitsi anatiloweza maonekedwe a Z, F ndi C amene ngodyazo zimapanga, ndi mayina ake achingerezi aja. Ine sindilimbana nawo mayinawo. Ngodya 8 zimenezi zili m'magulu awiri okha: zazing'ono zonse n'zofanana, zazikulu zonse n'zofanana, ndipo yaing'ono kuphatikiza yaikulu ndi 180. Akakupatsani 70, muli ndi 70 zinayi ndi 110 zinayi. Mwamaliza, ka calculator ka pa sikirini simunakakhudze n'komwe.

Ngati zimenezi zakuthandizani kale, dinani subscribe ndi kabelu kaja. Sikuti ndikupempha ndalama.

Tsopano bodza limene limandikwiyitsa: "Ikaoneka parallel ndiye kuti ndi parallel." Ayi, abale anga. Ayi!

Taonani pa bolodi. Mzere l, mzere m, ngodya iyi ndi 70, inayi ndi x, zakhala bwinobwino ngati Z. Quantity A ndi x, Quantity B ndi 70, ndipo funso n'lakuti chachikulu ndi chiti. Ambiri mwasankha kale yankho C, kuti n'zofanana. Ndakuonani. Koma werenganinso funsolo. Palembedwa pati kuti l ndi m ndi parallel? Palibe. Yankho ndi D: zomwe atipatsa sizikukwanira kuti tidziwe.

A ETS, eni mayesowa, amalemba okha m'malangizo kuti zojambula za geometry sikuti nthawi zonse zimatsata miyeso yeniyeni. Zimene amakulolani kukhulupirira n'zochepa: mzere wooneka wowongoka ndi wowongokadi, ndipo madontho a pa mzere ali mu ndondomeko imene mukuionayo. Kukula kwa ngodya, kutalika kwa mbali, kukhala parallel, zonsezo mpaka akuuzeni.

Ganizani njanji ya ku Limbe. Zitsulo ziwiri zija n'zotalikirana mamilimita 1,067 paliponse, chifukwa wina anayeza, apo ayi sitima igwa. Koma mukaima pakati pake n'kuyang'ana kutali, zimaoneka ngati zikukakumana. Maso anama kale pamenepo. Pa mayeso amanamanso mobwerera: mzere m ukhoza kupendekeka ndi digiri imodzi yokha, n'kukakumana ndi l kutali ku Njuli uko, inu pa sikirini osaona kanthu. Zikatero x ndi 69 kapena 71, Z yanu yafa.

Ine ndemwe ndinagwapo mu dzenje limeneli pa mayeso oyeserera. Ndinafika poika ngodya ya pepala pa sikirini ya laputopu kuti ndiyeze, ngati mwana wa Fomu 1 amene wayiwala protractor kunyumba. Ndinalakwa, ndili ndi chikhulupiriro chonse.

Nanga mukhulupirire liti? Akalemba kuti l ndi parallel kwa m, ndi mawu kapena ndi timizere tiwiri toima tija. Kapena akakupatsani umboni mobisa: mizere yonse iwiri yapanga madigiri 90 ndi mzere umodzi womwewo, kapena ngodya ziwiri za mkati mwa C zikukwana 180. Kupanda zimenezo, tengani pepala limene amakupatsani, jambulaninso chithunzicho, m mumupendeketse dala kwambiri. Yankho likasintha, ndi D.

Chachinayi, nthawi. Chigawo cha masamu chili ndi mafunso 27 mu mphindi 47, ndiye funso lotere lisadye mphindi yathunthu.

Loweruka timakumana pa kalasi ya pa intaneti, linki ili pansipa, malo ndi ochepa. Ntchito ya kunyumba nayi: l ndi m ndi parallel, ulendo uno ndanena ndekha. Ngodya za mkati mwa C ndi 2x + 10 ndi 3x + 20. Kodi x ndi chiyani? Lembani mu makomenti. Sabata yamawa tikulowa mu ma triangle.